Wapachitseko wa pa Chitakale

Ndaima pano kuyambira sikisi,
nsapato zakampani zikundiluma chala chachikulu,
bolopeni m'manja.
Ntchito yanga n'kukhwatcha malisiti
ndi kusuzumira m'majumbo a anthu
amene ndinkawapimira mchere ndi kachitini ka tomato.

Chitseko cha pano chimatseguka chokha.
Tsiku loyamba Anamakhwa anaima nacho maso,
anati, "Odi!"
Galasi silinavomere, linangopatuka.

Pamene pali simenti apa panali mitengo itatu ya mapeyala
ndi okala yanga ya malata asanu ndi limodzi.
Anabwera ndi tepi yoyezera,
bwana wa malaya oyera ndi womasulira wake,
anati ndalama zachokera kutsidya kwa nyanja,
zatopa kugona kubanki, zikufuna pogwira ntchito.
Sindinkadziwa kuti ndalama nazonso zimasaka ganyu.

Ndisaname.
Shuga pano ngotsikirako.
Magetsi akathima Chitakale yense
jenereta imatsokomola kamodzi, kenako mbee!
Mwana wanga Esinta ali pa tilo yachitatu,
makina akulira pansi pa zala zake, pi, pi, pi,
ndipo mwezi ukatha mankhwala a mayi ake amagulika.
Ndiye ndidandaule ndi pakamwa pati?

Koma dzana Makwinja anakankha njinga ya zinanazi
kuchokera m'tsinde mwa phiri,
thukuta litalemba mapu pamsana.
Manijala anazitembenuza ndi nsonga ya kiyi:
zikhale zofanana msinkhu,
ubwere ndi pepala la msonkho,
ndalama udzatenga pakatha masiku sikisite.
Chinanazi chakupsa chidziwa bwanji kalendala?
Anatuluka pondidutsa osandiyang'ana.
Pashelefu yachinayi zilipo zinanazi zina,
zodula mozungulira, zosambira m'chitini,
zinakwera sitima kuti zidzaone Mulanje.

Tiyi nayenso wabwerako.
Yemweyu alongo athu amathyola chiperoni chili m'khosi
anapita wamaliseche m'masaka,
lero wavala bokosi, akuyankhula Chingerezi,
mtengo wake ukuposa tsiku lonse la dengu kumsana.

Kunyumba, pansi pa matiresi, ndinasunga kope
la mizere yofiira, lonunkha palafini.
Nalikata: sopo theka, machesi, mafuta a m'kachubu.
Adzapereka esiteti ikalipira.
Khoromana: shuga wa pamaliro. Osamukumbutsa.
Masamba ena ndinang'amba ndekha
chaka chimene mapiri anagumuka.

Makina a pano sadziwa maliro.
Lero Nalikata yemweyo wafika pa tilo yachitatu,
wawerenga, wawerenganso, wamasula nsonga ya chitenje,
zaperewera makwacha mazana atatu.
Botolo la mafuta labwerera pashelefu.
Esinta anandiyang'ana.
Ine ndinayang'ana phiri,
phiri linafunda mtambo.

Lachisanu madzulo imabwera galimoto yopanda mazenera,
anyamata awiri a mfuti, mabokosi achitsulo.
Imakhotera njira ya ku Limbe.
Akuti ku Limbe sizigona, zimangomwa madzi,
ulendo n'kupitirira.
Zanga zija sizinkadziwa msewu wa tala:
zinkachoka kwa ine kupita kwa telala,
kwa telala kupita kwa wakabaza,
Lamulungu zimalowa m'mbale ya chopereka,
Lolemba n'kundibwerera zitanyowa, zikununkha usipa,
ndimazizindikira ndi selotepi yomwe ndinamata ndekha.

Mwina ndi ukalamba.
Ana amakonda kuno, amakwera matolole,
amaphunzira mayina a tchizi.
Makwinja akuti asonkhanitsa anzake khumi,
alembetse gulu, apeze chidindo,
abwerenso ndi zinanazi zoyezedwa ngati asilikali.
Ndamuuza kuti akadzafika
ndidzaimirira pamene diso la chitseko limaona
kuti chisatsekeke mpaka njinga yomaliza italowa.

Pakadali pano, mayi, lisiti.
Pepani, tsegulaniko jumbo.
Inde, ndine ndemwe.
Moni kunyumba.